Yankho kwa achemwali pa za mnyamata wofuna kulowa wrestling

Achemwali, moni, komanso moni nonse a m'gulu lino. Ndamva funso lanu lija, loti mnyamata wanu akuti akufuna kukhala wosewera wrestling woima payekha, wosalembedwa ndi kampani iliyonse, ndiye mukufunsa ngati imeneyi ndi ntchito yeniyeni kapena ndi zibwana chabe. Ndati ndiyankhe ndi pakamwa chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, mundipirire.

Ndi ntchito yeniyeni, achemwali. Musamuseke mwanayo, komanso musamukalipire. Kungoti ndi ntchito yowawa kuposa mmene iyeyo akuionera pa foni, ndipo nkhawa yanga ili pamenepo.

Anthu amakonda kunena kuti aa, zija n'zabodza, amachita kupangana. Eya, wopambana amadziwika masewera asanayambe. Pamakhala munthu wokonza nkhani yonse, amamutcha booker, ndi amene amanena kuti lero iwe ugonja, iwe upambana. Koma kugwako si kwabodza ayi. Ine ndinaonapo ring, bwalo la zingwe limene amasewereramo, ikumasulidwa chionetsero china chaching'ono chitatha, ndinafika pafupi n'kuigwira. Pansi ndi zitsulo, pamwamba pa zitsulozo matabwa, kenako kasiponji kopyapyala, n'kukutira ndi chinsalu cholimba. Basi, palibenso china. Zingwe zija, m'ma ring ambiri, ndi waya wachitsulo wovekedwa labala. Wophunzira watsopano amapita kunyumba msana uli mikwingwirima yokhayokha chifukwa chongodziponya pa zingwezo, asanamenyedwe ndi aliyense.

N'chifukwa chake sukulu yabwino ya wrestling siyamba ndi kudumpha kuchokera pamwamba. Imayamba ndi kugwa. Amakuuza kuti chibwano chikhale pachifuwa kuti nkhongo isamenye thabwa, manja atambasuke amenye pansi, msana wonse ufike nthawi imodzi. Ugwe, udzuke, ugwenso, kambirimbiri, kwa miyezi. Ndipo chimene ambiri sachidziwa n'choti ntchito yaikulu ya wosewera ndi kuteteza mnzake amene akuoneka ngati akumumenyayo. Ukamunyamula munthu m'mwamba, khosi lake lili m'manja mwako. Ukamugwetsa molakwika, sadzayendanso. Wosewera wodziwika kuti amavulaza anzake saitanidwanso, ngakhale akhale ndi thupi lokongola bwanji.

Sindikufuna kukuopsezani, koma muyenera kudziwa. Mitsuharu Misawa, mmodzi mwa akatswiri aakulu kwambiri a ku Japan, anamwalira mu 2009 ku Hiroshima atagwetsedwa chagada pa masewera, ali ndi zaka 46. Perro Aguayo Jr. wa ku Mexico anamwalira mu 2015 atavulala khosi pa masewera ku Tijuana. Awatu anali anthu odziwa ntchito, a zaka zambiri mu ring. Ndiye ngati mnyamatayo wayamba kale kuyeserera ndi anzake, kugwetsana pa matiresi n'kumajambulana, chimenecho chokha ndiye muchiletse lero lomwe, osanyengerera. Zinazo tikambirana pang'onopang'ono.

Tsopano za ndalama, chifukwa ndikudziwa kuti funso lanu lenileni lagona pamenepo. Kuima pawekha kumatanthauza kuti kulibe malipiro a pamwezi. Usiku uliwonse umagwirizana mtengo ndi mwini chionetsero. Poyambirira anyamata amanyamula zitsulo za ring, kuimanga, kuyala mipando, kenako kumasulanso pakati pausiku, ndipo mwina apatsidwa mphindi zisanu zosewera, mwina ayi. Akayamba kulipidwa, nthawi zambiri ndalamayo siikwana ndi mafuta a galimoto omwe. Amapanikizana anayi kapena asanu m'galimoto imodzi, kuyenda maola ambiri kukasewera mphindi khumi pamaso pa anthu ochepa mu holo yaing'ono. Nsapato, zovala, zoteteza maondo, fizi ya sukulu, jimu, zonse ndi za m'thumba mwake. Masewera akatha, munthu yemwe uja amene anagwetsedwa pathabwa amakaima pa katebulo pafupi ndi khomo, thukuta lili kamukamu, kugulitsa matisheti ndi zithunzi zake, akumwetulira aliyense. Kwa ambiri ndalama ya pa katebulo kameneko imaposa ya mu ring.

Akathyoka mwendo, zonsezo zimaima tsiku lomwelo. Palibe tchuthi cha odwala, palibe penshoni, ndipo inshuwalansi ndi yodzilipirira yekha. Ngakhale a WWE, kampani yaikulu ija ya wrestling ya ku America, amawalemba osewera ake ngati anthu a kontrakiti oima paokha, osati ngati antchito a kampani. Choncho osewera ambiri oima paokha ali ndi ntchito ina ya mkati mwa sabata, wrestling ndi ya Lachisanu usiku, Loweruka ndi Lamulungu. Chimenechi si chamanyazi, ndi mmene ntchitoyi imayendera.

Nanga zimatenga nthawi yaitali bwanji? Taonani anthu amene iyeyo amawasirira. Kevin Owens anayamba mu 2000 ku Canada, WWE inamutenga mu 2014. AJ Styles anayamba mu 1998, anadzaonekera ngati katswiri wa WWE mu 2016. Bryan Danielson, amene ambiri amamudziwa kuti Daniel Bryan, anaphunzira mu 1999 pa sukulu ya katswiri wa WWE Shawn Michaels ku San Antonio, n'kuzungulira America, England ndi Japan pafupifupi zaka khumi asanaonekere ngati katswiri wa WWE mu 2010. Ndipo yemweyo mu 2016 anakakamizika kusiya chifukwa chogundagunda mutu, anabwereranso mu 2018 madokotala atamuloleza. Awa ndi amene zinawayendera. Anzawo ambirimbiri amene anayenda nawo m'magalimoto omwewo sitikuwadziwa ndi maina omwe.

Koma ndisalankhule zoipa zokhazokha, chifukwa mwanayo sanasankhe nthawi yolakwika. Kale, ukakhala kunja kwa WWE, anthu ankakuona ngati wolephera. Masiku ano si choncho. Cody Rhodes anachoka yekha ku WWE mu 2016, n'kumasewera m'makampani ang'onoang'ono komanso ku Japan. Mu 2018 iyeyo ndi abale awiri aja otchedwa Young Bucks anakonza okha chionetsero cha All In pafupi ndi Chicago, matikiti opitirira 10,000 anatha pasanathe ola limodzi. Chaka chotsatira kunabadwa kampani ya AEW ya Tony Khan. Cody anabwerera ku WWE mu 2022 ali munthu wamkulu, ndipo mu 2024 anatenga lamba wa ungwazi pa WrestleMania, chionetsero chachikulu cha WWE. Drew McIntyre anachotsedwa ntchito ku WWE mu 2014, anakadzimanganso m'timakampani ta ku Scotland ndi America, anabwerera mu 2017, mu 2020 n'kukhala ngwazi. Kungoti tizikumbukira, onse awiriwa anali ataonekera kale pa TV, ndipo Cody ndi mwana wa Dusty Rhodes, katswiri wotchuka wa wrestling. Mnyamata wathu ayambira pansi penipeni, wopanda dzina.

Chinanso, misika yaikulu ya ntchitoyi ili ku America, Mexico, Japan ndi Britain. Ku Mexico kampani ya CMLL yakhalapo kuyambira 1933. Ku Japan, kampani ya New Japan imene anayambitsa Antonio Inoki mu 1972 imasunga ophunzira ake m'nyumba yophunzirira, amasesa, kuchapa ndi kutumikira akuluakulu awo kwinaku akuphunzira. Kukasewera dziko la eni kumafuna viza yogwirira ntchito, osati ya mlendo wokaona malo. Mike Bailey wa ku Canada anagwidwa pamalire mu 2016 akupita kukasewera ku America wopanda mapepala oyenera, anamuletsa kulowa m'dzikomo zaka zisanu, pa nthawi imene dzina lake linkakwera. Munthu aliyense womulonjeza mwanayu pa intaneti kuti tumiza ndalama ndikutengere kunja, ameneyo amuthawe.

Palinso mankhwala. Mnyamata akaona anzake matupi atafufuma, mtima umamuuza kuti abaye nawo majakisoni okulitsa minofu. Akavulala, amameza mapilitsi opha ululu kuti asaphonye chionetsero cha mawa, mapeto ake sangathenso kukhala opanda mapilitsiwo. Eddie Guerrero anamwalira ndi mtima mu 2005 ali ndi zaka 38 zokha, ndipo WWE inayambitsa ndondomeko yoyeza osewera ake chaka chotsatira. M'timakampani tating'ono tambiri mulibe woyeza, nthawi zina mulibe ndi dokotala yemwe. Wodziyang'anira ndi iwe mwini.

Tsopano iwe mwanawe, ndikudziwa kuti uli m'gulu lino ndipo ukumvetsera. Ine malume ako sindikukuletsa, ndipo ukachita khama ndidzakhala woyamba kukuombera m'manja. Koma sukulu usasiye. Wosewera woima payekha ndi bizinesi ya munthu mmodzi. Ndiwe wowerenga kontrakiti, ndiwe wowerengera ndalama, ndiwe wolembera eni zionetsero, ndiwe wodula mavidiyo ako n'kuika pa YouTube ndi Instagram. Zonsezo zimafuna mutu, ndipo tsiku limene bondo lidzakane udzafuna pogwira. Yamba ndi zimene ungathe panopa. Limbitsa thupi, makamaka khosi, miyendo ndi mpweya, chifukwa mphindi khumi mu ring zimatha munthu. Ukapeza judo kapena masewera ogwetsana a mpikisano weniweni, lowa, Kurt Angle anayamba ndi mendulo ya golide ya Olympics mu 1996 asanalowe WWE. Ulowenso gulu la zisudzo. Usadabwe, ndikunena zoona. Anthu salipira kuti aone munthu wodumpha bwino chabe, amalipira kuti aone munthu amene amamukonda kapena amene amadana naye, ndipo zimenezo zimachokera pakamwa ndi pankhope, ukagwira maikolofoni holo yonse ikhale chete kapena ikukuwize.

Ukadzapeza sukulu ya wrestling, usathamangire kulipira. Ufunse kuti mphunzitsiyo anaphunzitsidwa ndi ndani, anasewera kuti, ndipo ophunzira ake ali kuti lero. Ukaonerere kaye tsiku limodzi. Ukaona kuti wobwera kumene akumukweza pa zingwe sabata yoyamba, kapena wina wagunda mutu akuona chizungulire koma akumuuza kuti pitiriza, utuluke osabwereranso.

Achemwali, pempho langa ndi lakuti mumupatse chaka chimodzi. Azidzuka yekha kupita kojima popanda womudzutsa, magiredi asatsike, ndipo zogwetsana pa matiresi zija zithe. Akakwanitsa zitatuzi, fizi ya miyezi yoyamba ya sukulu ya wrestling tidzathandizana, ine ndidzaikapo mbali yanga. Mumuuze andiimbire Loweruka madzulo, ndikufuna ndimve kuchokera pakamwa pake kuti akufuna kudzakhala munthu wotani mu ring, wokondedwa kapena wodedwa, ndipo chifukwa chiyani.