DA ya 8mm, 15mm kapena 21mm? Yankho kwa m'bale wa car wash ku Chilenje

Sabata yatha ndinalandira email kuchokera kwa m'bale wina amene ali ndi ka car wash ku Chilenje. Ndifupikitse zomwe analemba. Wakhala akutsuka ma motoka zaka zitatu, manje makasitomala ayamba kumufunsa za polishi, ndiye amabwereka mashini ya rotary ya ubweya kwa mnzake wa panel beating, koma tsiku lina pa Mark X yakuda inasiya mizere yozungulira yowala ija imaoneka dzuwa likamenya, mwini wake sanasangalale olo pang'ono. Wasunga ka ndalama, akufuna kugula mashini yopolishira ya dual action (DA), koma pa intaneti akuona 8mm, 15mm, 21mm, ena akuti Rupes basi, ena akuti za ku China zili bwino, mutu waima. Funso lake ndi limodzi, nditenge iti?

Akulu, tengani ya 15mm yokhala ndi backing plate (ka mbale komatirapo mapadi) ya 125mm, ya magetsi athu a 230V, ndipo musathere ndalama zonse pa mashini chifukwa mapadi, masiponji aja okhudza penti, ndi amene agwire ntchito yeniyeni. Yankho ndi lomwelo, koma lekani ndikuuzeni chifukwa chake kuti mukafika mu shopu asakupotozeni.

Rotary ija mumabwereka imazungulira malo amodzi ngati grinder, ndiye kutentha konse kumaunjikana pamenepo. M'manja mwa munthu wozolowera ndi chida chabwino maningi, imadula msanga, koma siikhululuka. Ine ndinaphunzira movutika. Zaka zapitazo ndinali kupolisha Allion ya kasitomala, ndinangochedwa pang'ono pa mphepete mwa fenda pomwe chitsulo chimapindika, nditachotsa mashini ndinaona ka mzere kotuwa kotalika ngati chala, primer, penti yapansi ija, yatulukira. Mtima unagunda. Ndinalipira ndekha kupenta fenda yonse ndipo mpaka lero ndikafika pa mphepete dzanja limapepuka lokha. Anthu sadziwa kuti kiliya (clear coat, penti yopanda mtundu ya pamwamba ija) ya ku fakitale ndi yopyapyala bwanji, nthawi zambiri ma micron 35 mpaka 50, pafupifupi theka la pepala limodzi la A4, ndipo polishi iliyonse yodula imadyako kiliya imeneyo, siibwereranso.

DA imachita zinthu ziwiri nthawi imodzi, padi imazungulira komanso imagwedezeka mozungulira ngati mmene mayi amapetera ufa pa lichero, ndiye siikhala malo amodzi kutenthetsa penti. Pa DA wamba, ija amati free spinning, mukakanikiza kwambiri kapena mukapendeketsa, padi imasiya kuzungulira yokha, imangonjenjemera. Chimenecho ndiye chitetezo chanu. Sindikuti siingaotche penti, pa bampa ya pulasitiki kapena pa mphepete ikhoza, koma muyenera kuchita kulimbikira kulakwitsa.

Manje ma namba aja. 8, 15, 21 ndi kukula kwa kugwedezeka kuja mu mamilimita, amati throw. Ya 8mm ndi yofatsa, yosavuta kugwira, imalola kusintha plate kuika yaing'ono ya 75mm ya malo opanikiza, ndipo kwa munthu wongofuna kusamala motoka yake pa Sande ndi yokwana. Koma inu muli pa bizinesi, kasitomala wasiya Hilux m'mawa akufuna 16 hours aitenge, ndi 8mm mudzatuluka thukuta mpaka mdima komanso mitundu yambiri yotchipa ya 8mm imanjenjemeretsa manja mpaka zala kuchita dzanzi. Ya 21mm ndi ya mbali inayo, imadya malo akulu msanga, denga la Hiace kapena mbali ya Land Cruiser imauluka, koma imabwera ndi plate ya 150mm ndipo ikafika popindika imaima ima. Ndiye tayang'anani zomwe zimalowa pa car wash yanu tsiku ndi tsiku. Vitz, Fit, Allion, Corolla, IST, Spacio, tima motoka ta ku Japan todzaza mapindiko, zitseko zazifupi, mabampa okhotakhota. Pamenepo 21mm ikuvutitsani chabe. 15mm ili pakati, imadula bwino, imalowa mmalo ambiri, ndipo mapadi a saizi imeneyo ndi otsikirako mtengo.

Kuli mtundu wina wa forced rotation, monga Flex XC 3401 ya ku Germany, umene magiya amakakamiza padi kuzungulira olo mukanikize bwanji. Makita PO6000C ili ndi kosinthira, mukhoza kuika free kapena forced. Ndi mashini zamphamvu koma zimakoka dzanja ndipo chitetezo chija cha kuima yokha chimachepa. Ngati mashini yachiwiri chaka chamawa inde, yoyamba ayi.

Za Rupes. Ndi kampani ya ku Italy, ndi iwo anatchukitsa za throw yaitali ndi BigFoot, LHR15 ndi LHR21, ndipo ndinene zoona ndi mashini zosalala m'manja, mukhoza kugwira tsiku lonse. Ngati thumba likulola popanda ngongole gulani simudzadandaula. Koma ndaona anyamata akugula mashini yodula kenako atsala ndi padi imodzi yomwe akuigwiritsa pa motoka yonse, yadzaza kompaundi (polishi yodula) youma, yatentha, velcro ikumatuka, ndiye zotsatira zake zimaposedwa ndi munthu wa mashini ya ku China amene ali ndi mapadi asanu ndi limodzi oyera. Zimandipweteka kuona zimenezo chifukwa ndalamayo munthu waivutikira. Ine ndikanakhala inu, theka la ndalama pa mashini, theka pa mapadi, kompaundi, polishi yomalizira, clay yochotsera zomata pa penti, tepi ndi nsalu za microfibre zambiri.

Chinthu chimene ma video a pa YouTube sakuuzani chifukwa sakhala kuno ndi nkhani ya magetsi. Mashini zambiri zomwe amatamanda kumeneko, monga Porter Cable 7424XP, ndi za ku America za 120V. Zida za second hand zochokera ku Japan ndi za 100V. Mukalowetsa pa soketi yathu ya 230V mumva fungo la waya wopsa basi nkhani yatha. Werengani ka sitika pa mashini musanalipire, olo wogulitsa alumbire bwanji. Ngati mukuitanitsa kunja, ya ku UK kapena ya ku South Africa ndi yomwe imagwirizana ndi magetsi athu, ya ku Joni mungosintha pulagi. Komanso ganizirani za load shedding, mashini zambiri za mtunduwu zimakhala pakati pa 500 ndi 1000 watts ndiye ka genset kabwino kamakwanitsa, koma onani ngati kanu sikakunyamula kale pressure washer ndi vacuum nthawi yomweyo. Za batire ziliko, zabwino, koma popanda mabatire awiri kapena atatu muzingodikira chaji.

Mukaigwira mashini mu shopu, kaya ndi ku Kamwala kaya mu town, pempheni wogulitsa ailowetse pa magetsi. Mverani ngati ikuyamba pang'onopang'ono osati kudumpha. Tembenuzani sipidi kuyambira 1 mpaka 6. Ikani padi, kanikizani pa tebulo pang'ono muone ngati mphamvu ikugwa. Onani kutalika kwa kebo, yaifupi imakukakamizani kukoka joini ya extension pa penti. Ndipo funsani funso ili, ma carbon brush ndi backing plate ya spare muli nazo? Akayamba kuyang'ana kumwamba tulukani. Brush zimenezi zimakhala mu mota ya mashini ndipo zimatha, ndi ka chinthu kakang'ono, koma mashini yonse imagona chifukwa cha iko.

Mapadi yambani ndi a foam, odula atatu kapena anayi, apakati chimodzimodzi, omalizira awiri, kenako microfibre imodzi kapena ziwiri za penti youma mutu. Musadalire mtundu wa padi, yachikasu ya kampani iyi si yofanana ndi yachikasu ya kampani ina, finyani ndi chala mumve kulimba kwake. Penti ya ma motoka ambiri a ku Japan ndi yofewa poyerekeza ndi ya Benz kapena BMW, ndiye yambani ndi padi yapakati ndi polishi yopepuka pa ka malo kamodzi, nthawi zambiri mudabwa kuti zakwana. Mark X ija ya mizere, DA ndi padi yofewa ikhoza kuichotsa yonse, muitaneni mwini wake mumukonzere ulere, ameneyo adzakubweretserani anzake.

Ka nzeru kena kosalipira. Tengani marker mujambule mzere wakuda m'mbali mwa backing plate. Mukamagwira ntchito muziuyang'ana, ukamazungulira ndiye kuti mukudula, ukaima ndiye kuti mwapendeketsa kapena mwalemetsa dzanja, mukungotaya nthawi. Gwirani ka malo ka masentimita 50 mbali zonse, yendani pang'onopang'ono, pukutani, walitsani tochi ya foni chapambali muone. Kebo paphewa nthawi zonse.

Ndipo chonde osapolisha padzuwa. Dzuwa la October kuno boneti imatentha moti simungaike dzanja, kompaundi imauma musanayambe. Fumbi la August ndi September nalo, kamphepo kamodzi kaponya mchenga pa penti ndipo padi iuzungulitsa ponseponse, ndiye mthunzi wotchinga mbali ndi wofunika kuposa dzina la mashini. Madzi athu a borehole ali ndi laimu wambiri, yemwe uja amayeretsa mkati mwa ketulo, akaumira pa motoka yakuda amasiya timadontho tolowa mu kiliya, pukutani msanga mukatsuka.

Pali zina DA siingakonze ndipo muziwauza makasitomala poyamba. Denga kapena boneti yomwe kiliya yayamba kusupuka ngati khungu la njoka, imeneyo ndi ya kwa spray painter. Sikirachi yomwe chikhadabo chikukola, mukhoza kuichepetsa chabe. Motoka yopentedwanso simudziwa anathira kiliya yochuluka bwanji, pitani mofatsa. Pa ma Toyota ena oyera akale, mukaona padi yatenga mtundu wa motoka musachite mantha, ndi penti yopanda kiliya, muzingotsuka padi pafupipafupi.

Mashini ikafika musayambire pa motoka ya munthu. Pitani kwa ogulitsa ma spare a second hand mugule boneti yakale yakuda yotchipa, muiike pa matayala awiri kuseri kwa car wash, muikande ndi siponji yadothi, muipolishe, muyeserenso dala kuotcha mphepete kuti manja adziwe pomwe pali malire. Mukatero nditumizireni zithunzi za theka lopolisha ndi theka losapolisha, tione limodzi ngati padi ndi kompaundi zikugwirizana.