Ine ndikudikira Wellesley, osati Lancaster ina

Achimwene, mwafunsa kuti pa ndege zakale zoponya mabomba zimene anthu sazitchulatchula, ndi iti imene tikanakonda kuti kampani itulutse kiti yake, ndiko kuti bokosi la tizidutswa ta pulasitiki tomangira kachifanizo ka ndegeyo. Ena atchula kale Avro Manchester, ena Vickers Warwick, ndipo sindikuwatsutsa. Koma yanga ndi Vickers Wellesley ya ku Britain, pa sikelo ya 1/48 (kachifanizo kochepa ka 48 kuposa ndege yeniyeni), yochokera m'chikombole chatsopano. Nditalikitsa pang'ono, mundipirire.

Muyambe mwaiona pachithunzi. Injini ndi imodzi yokha, Bristol Pegasus, koma mapiko ndi aatali mamita 22.7, opyapyala, moti umadabwa kuti sathyoka bwanji. Pa 1/48 ndiye kuti masentimita 47 kuchokera nsonga ina kufika nsonga ina, ndege ya injini imodzi kudzaza shelefu yonse. Chinsinsi chake chinali kamangidwe ka injiniya Barnes Wallis: tizitsulo topepuka tolukanalukana ngati nsungwi za dengu, pamwamba pake n'kukutapo nsalu. Anthu amadziwa kamangidwe kameneka chifukwa cha ndege ina ya Vickers, Wellington, koma Wellesley ndiye inayamba kulowa nako usilikali, mu 1937. Popeza ankaopa kuboola mimba ya ndege kuti asafooketse maluko aja, mabomba sankakhala m'mimba ayi. Ankawaika m'tizotengera tiwiri topachikidwa kunsi kwa mapiko, kamodzi uku kamodzi uko. Ndege yooneka choncho simungaisokoneze ndi ina iliyonse patebulo.

Anapanga 177 zokha, koma mbiri yake si yochepa. Mu November 1938 zitatu zinanyamuka ku Ismailia, ku Egypt, motsogozedwa ndi Richard Kellett. Imodzi inatera ku Kupang, pachilumba cha Timor, kukathira mafuta, koma ziwiri zinakafika ku Darwin, ku Australia, osatera paliponse, makilomita opitirira 11,500, masiku awiri athunthu zili m'mwamba. Nthawi imeneyo panalibe ndege inauluka mtunda wotero kamodzi n'kamodzi.

Koma chondikoka mtima kwenikweni si ulendo umenewo. Italy italowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu June 1940, Wellesley inali itayamba kale kutha ntchito ku Britain, ndipo zambiri zinali zitatumizidwa kotentha. Magulu atatu, 14, 47 ndi 223 Squadron, anali nazo ku Sudan, ndipo ndi zimene zinkapita kukaphulitsa Massawa, Asmara ndi Gura ku Eritrea, kawirikawiri popanda ndege yozitchinjiriza, pamwamba pa mapiri oti injini ikazima palibe potera. Ndege za Italy za Fiat CR.42 zinkazithyola, ndipo mu October 1940 zinakatentha zisanu ndi zitatu zili pansi ku Gedaref, ku Sudan. Zotsalazo zinapitirizabe mpaka nkhondo ya ku Keren, ku Eritrea, mu 1941. Nkhondo ya kum'mawa kwa Africa imeneyi ndi yomwe ija agogo athu a King's African Rifles anamenya, ena ku Moyale kumalire a Kenya ndi Ethiopia mu July 1940, ena ku Tug Argan ku Somaliland mu August. Asilikali amenewo ankayenda wapansi, ndipo zimene zinkadutsa m'mlengalenga mwa dera lonselo sizinali ndege zotchuka zija, Lancaster ya Britain kapena B-17 ya America. Ukalowa m'sitolo ya makiti ungaganize kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inachitikira pamwamba pa Germany ndi Pacific basi. Zimandipweteka kuti gawo lonse la kum'mawa kwa Africa kuno silipezeka pashelefu.

Wina anena kuti kiti ya Wellesley ilipo kale. Inde, kampani ya Matchbox inatulutsa yake ya 1/72 kalekale, ndipo Valom ya ku Czech Republic inabweretsa ina pa sikelo yomweyo. Amene anazimanga ndiwapatsa ulemu. Koma pa 1/72 chinthu chenicheni cha ndegeyi chimatayika. Pa ndege yeniyeni nsalu ikakokedwa pa tizitsulo tija, pamaoneka timizere topingasana tosaonekera kwambiri, timene umationa bwino dzuwa likapendeka. Kuumba zimenezi ndiye mayeso a wopanga chikombole. Akazamitsa, phiko limaoneka lotupatupa, penti n'kumadikha m'maenje, decal (kachithunzi komata) ya chizindikiro chozungulira n'kukana kugona. Akachepetsa, ukangopopera penti kawiri zonse zafafanizika. Ndipo pamene theka la phiko likumana ndi linzake, ukadzola putty, phala lotsekera mipata, n'kupala ndi sandipepala, umapalira limodzi maluko ako, ndiye kuwabwezeretsa ndi ntchito ya masabata. Ndikufuna kiti imene msoko wake aubisa kunsi, ndiponso ya mtanda wolimba m'kati mwa mapiko, chifukwa mapiko a masentimita 47 opanda mtanda adzayamba kugwa mphwayi chaka chisanathe.

Chimene makampani aakulu amazengerezera n'chodziwika. Chikombole chachitsulo chimadya ndalama zambiri, ndipo kuti zibwerere pafunika kugulitsa mabokosi ochuluka zedi. Kiti ya ndege yotchuka ngati Spitfire imagulidwa ndi aliyense, ngakhale azakhali ofunira mwana mphatso. Wellesley ingagulidwe ndi ife ochepa. N'chifukwa chake ndege zotere zimasiyidwira timakampani ting'onoting'ono ta zikombole zosakhalitsa, kapena oumba ndi utomoni wa resin, ndipo mtengo wake ukaphatikiza kutumiza ndi msonkho umafooka nkhongono. Chinanso, palibe Wellesley yathunthu imene inatsala m'nyumba yosungira zakale yoti akaipime ndi makina. Koma chifukwa chimenechi sindichivomera. Ndege ina yoponya mabomba, Armstrong Whitworth Whitley, nayonso palibe yathunthu, koma kampani ya Airfix inatulutsa yatsopano ya 1/72 mu 2015, anthu n'kuilandira ndi manja awiri. Zojambula ndi zithunzi zikakhalapo, ntchito imatheka.

Mukandilola yachiwiri, ndi ya nkhondo yomweyo: Junkers Ju 86 ya asilikali a South Africa. Izi zinali ndege zonyamula anthu za South African Airways, zogulidwa ku Germany nkhondo isanayambe. Nkhondo itabuka anazitenga, kuikamo mfuti ndi zogwirira mabomba, n'kuzipereka kwa 12 Squadron, imene inkanyamuka ku Kenya kukaphulitsa kummwera kwa Ethiopia. Tangoganizani, ndege ya ku Germany ikumenya bwenzi la Germany. Kampani ya Italeri ili ndi Ju 86 ya 1/72 yakalekale, koma kuti upeze ya South Africa yeniyeni pafunika thupi la mawindo a ndege ya anthu, injini zozungulira za Pratt & Whitney Hornet, ndi zowonjezera zimene anakhomerera okha. Iyi ndiye yosavuta kuifufuza, popeza Ju 86 imodzi ikadalipo ku Linköping, ku Sweden, ngakhale ndi ya mtundu wina.

Mbali ya Italy nayo pakufunika Caproni Ca.133, ya injini zitatu, phiko pamwamba, miyendo yosapinda. Inali yochedwa, koma ndiyo inkanyamula chilichonse kumeneko, mabomba, asilikali ndi katundu. Popanda iyo nkhaniyi ikhala ya mbali imodzi.

Komabe ngati ndi imodzi yokha, ndibwerera ku Wellesley. M'bokosimo aikemo zosankha ziwiri. Yoyamba ikhale ya ulendo wa ku Darwin, ya chophimba injini chachitali chija, yopanda zotengera mabomba. Yachiwiri ikhale ya ku Sudan, yobiriwira ndi yofiirira pamwamba, yakuda kunsi, ndipo magalasi akhalepo onse awiri, opatukana a woyendetsa ndi wamfuti komanso lalitali lolumikiza mipando yonse limene zina zinali nalo. Ine ndingamange ya 47 Squadron, penti yofwifwa ndi dzuwa, fumbi m'matayala, chotengera mabomba chimodzi chili chotsekula. Ndingagule mabokosi awiri tsiku lomwelo, ndipo mwa inu amene mwatchula Manchester ndikudziwa kuti ena mungagule nawo.