Banki Inanditsekera Ndalama Tsiku Lonyamula Maliro a Mayi Anga

Achemwali, ngati chikukuwawani ndi ndalama zimene banki yaikulu imene mumasungirako ikudula mwezi ndi mwezi, mpaka mukuganiza zosamukira ku banki yaing'ono kapena ku SACCO (bungwe limene mamembala amasunga ndi kubwerekana ndalama), ine ndikuti samukani ndipo musachedwe. Zodulazo ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi chimene chingakugwereni tsiku limene mudzafune ndalama zanu mwamsanga, chifukwa ndi tsiku limenelo pamene mudzaone kuti pa zaka zonse zimene mwakhala mukusunga kumeneko palibe ngakhale munthu mmodzi wa m'nyumba imeneyo amene akukudziwani.

Mayi anga anamwalira usiku wa Lachinayi kuchipatala kuno ku Lilongwe. Amalume atakalamba udindo wa mbumba unagwera ine, choncho bokosi, galimoto yonyamula thupi kupita kwathu ku Ntchisi, ufa, nyemba ndi shuga wa anthu ogona m'siwa, zonsezo zinkayang'ana thumba langa. Ndalama zinalipo, ndipo sindinkafuna kupempha kwa munthu aliyense, popeza malipiro a mwezi umenewo anali atalowa kale komanso ndinali nditasunga zina zogulira feteleza. Lachisanu m'mawa ndinapita pa ATM ku Old Town, makina anabweza khadi. Ndinayesa makina a banki ina poganiza kuti ndi netiweki, anabwezanso. Nditayesa kudzitumizira ku Airtel Money pa foni, panabwera uthenga wakuti ndikaonane ndi nthambi yanga.

Ndinalowa mkati ndili ndi zovala zomwe ndinagona nazo pa benchi ya kuchipatala. Kunali kumapeto kwa mwezi, mzere unali utafika pakhomo, ndipo makauntala ambiri anali otseka. Nditafika kutsogolo, mtsikana wa pa kauntala anangoyang'ana pa kompyuta n'kunditumiza pa desiki ya makasitomala, pamene panalinso mzere wake. Mayi wa pa desikipo anandiuza kuti akaunti yanga anaiyimitsa chifukwa sindinakalembetsenso mbiri yanga. Ndinatulutsa chiphaso cha unzika, iwo anati sichikwanira, pakufunikanso bilu ya madzi yosonyeza kumene ndimakhala ndiponso kalata ya kuntchito. Ine ndimachita lendi ku Area 25, bilu ili m'dzina la eni nyumba, ndipo eni nyumbawo amakhala ku Mzuzu. Ndinafotokoza zonsezi mwaulemu, kenako ndinatulutsa pepala la kuchipatala lotsimikiza imfa, lokhala ndi dzina la mayi anga ndi chidindo cha tsiku lomwelo, ndipo ndinaliika pamaso pawo. Sanaligwire n'komwe. Anati ngakhale ndibweretse mapepala onse, akauntiyo ndinatsegulira ku Limbe pamene ndinkayamba ntchito, oitsegulanso ndi a ku likulu, choncho ndibwere Lolemba.

Ndinapempha kuonana ndi amanijala. Anandiloza mpando wa pafupi ndi chitseko chawo, ndipo ndinakhala pamenepo kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka, foni ikulira mosalekeza m'thumba. Amalume ankafunsa kuti thupi linyamuka nthawi yanji, chifukwa adzukulu anali atayamba kale kukumba ndipo amfumu ankafuna kudziwa za mawa. Mlongo wanga ankaimba ali ku mochale, akulira, kuti anthu onse amene tinafika nawo pamodzi atenga kale maliro awo. Kalipentala wa ku Mchesi amene anandisungira bokosi ananditumizira uthenga wakuti pabwera wina amene ali ndi ndalama m'manja. Nthawi yonseyi ndinkaona chitseko cha amanijala chikutsegukira anthu ovala masuti amene sanaime pa mzere uliwonse, akulowa, akuseka nawo, akutuluka atagwirana chanza. Ine ndikaimirira, mlembi wawo ankati abwana ali pa msonkhano. Potsiriza mlonda, bambo wachikulire amene anamva nkhani yanga yonse, ndi amene anandiyandikira n'kundipepesa maliro, ndipo anandinong'oneza kuti ndisatayenso nthawi, palibe chimene chichitike tsiku limenelo. Mu nthambi yonse ija munthu amene ananena mawu a chipepeso anali iye yekha.

Ndinatuluka ndi misozi, ndinakwera kabaza kupita kwa munthu wa katapila ku Biwi. Anandipatsa K300,000 kuti ndidzabweze K450,000 mwezi ukatha, ndipo chifukwa khadi langa la ku banki linali lopanda ntchito, chikole chinali laputopu ya mwana wanga amene anali pakati pa mayeso. Thupi la mayi anga linanyamuka ku Lilongwe kutada, ndipo tinafika kumudzi usiku, anthu atatopa ndi kudikira, ena akunong'onezana kuti mwana wa m'tauni uja alibe kanthu koma amangodzionetsa. Manyazi amenewo sindinawaiwale mpaka lero, ndipo ndikulemba pano mtima ukugunda ngati zachitika dzulo.

Chimene chinandipweteka koposa chinabwera maliro atatha. Nditabwerera ndi mapepala awo, mnyamata wina pa nthambi yomwe ija anatsegula akauntiyo ndili chiimire, osaimbira ku Limbe, osadikira a ku likulu. Ndiye kuti mphamvu inalipo m'nyumba momwemo tsiku la Lachisanu lija, chimene chinasowa ndi munthu wofuna kudzuka pa mpando. Nditatenga sitetimenti ndinapeza kuti mwezi umenewo anadula ndalama yosungira akaunti, anadula ya khadi, anadulanso ya mauthenga a pa foni, pamene uthenga wondichenjeza kuti akufuna kuyimitsa akaunti yanga sunafike ngakhale umodzi. Ine sindikutsutsa lamulo. Mabanki amakakamizidwa ndi malamulo olimbana ndi kuzembetsa ndalama, monga Financial Crimes Act ya 2017, kuti azidziwa bwino makasitomala awo, ndipo zimenezo n'zoyenera. Koma palibe lamulo limene limaletsa kuimbira munthu foni usanamutsekere, ndipo nambala yanga anali nayo, popeza ndi yomweyo imene amandiimbira pofuna kundigulitsa ngongole. Ndinalemba kalata yodandaula, yankho lake linali mizere iwiri yopepesa yopanda dzina la munthu. Kusunga ndalama kumeneko kuli ngati kuthira chimanga chako m'nkhokwe ya munthu amene sadziwa nkhope yako.

Ndinalowa SACCO ya kuntchito kwathu mwezi wotsatira. Kusiyana kwake kwakukulu n'kwakuti kumeneko si inu kasitomala chabe, ndinu mwini. Mumagula masheya, mumasunga mwezi ndi mwezi kudzera pa malipiro anu asanakufikeni m'manja, ndipo pa msonkhano waukulu wa pachaka membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi masheya ambiri kaya ochepa. Ndaonapo mesenjala ataimirira pa msonkhano wotere n'kufunsa wapampando chifukwa chimene ndalama za maulendo a bodi zakwerera, ndipo wapampandoyo anayenera kuyankha anthu onse akumva. Phindu likapezeka limagawidwa kwa mamembala omwewo. Ku SACCO yathu munthu amatha kukongola kuwirikiza katatu zimene wasunga, pali ngongole ya zadzidzidzi imene imatuluka msanga, ndipo amene amaiona fomu yanu ndi anthu amene mumakumana nawo pa basi ya m'mawa. Mwana wa mlongo wanga atagonekedwa m'chipatala ndinaimba foni m'mawa, ndipo ndalama zinalowa pa Mpamba dzuwa lisanalowe.

Musalowe chilichonse chimene chalemba dzina la SACCO pa chikwangwani. SACCO yeniyeni imakhala ndi chilolezo chochokera kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo imayendera lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011. Pemphani kuona chilolezocho ndi maso anu, pemphaninso lipoti la owerengera ndalama la chaka chatha, ndipo funsani ngati ili pansi pa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO umene unakhazikitsidwa mu 1980 ndipo likulu lake lili kuno ku Lilongwe. Akayamba kuzemba mafunso amenewa, nyamukani. SACCO si banki nkhonde ya pa mpanda, ngakhale kuti mtima wake ndi wofanana, ndipo ikhoza kugwa ngati atsogoleri ake akudzikongoza okha kapena ngati abwana a kuntchito akudula ndalama pa malipiro a antchito koma osazipereka ku SACCO pa nthawi yake. Funsaninso za chiwongola dzanja, ngati amawerengera pa ndalama yonse imene munatenga poyamba mpaka kumapeto kapena pa yotsala yokha, chifukwa nambala yooneka yaing'ono pa pepala imatha kukhala yaikulu kwambiri ikawerengedwa m'njira yoyambayo. Nkhani imeneyi inakula kwambiri Reserve Bank itakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024, pakuti mabanki amawonjezera chawo pamwamba pa chimenecho.

Za banki yaing'ono, malipiro anga tsopano amalowera ku imodzi ya izo, chifukwa kuntchito kwathu salipira kudzera ku SACCO, amafuna akaunti ya ku banki. Mizere ndi yaifupi, amanijala amakhala poonekera, ndipo khadi lawo limagwira pa makina a mabanki ena kudzera mu National Switch, njira yolumikiza makina a mabanki onse, ngakhale kuti kutapa pa makina a eni kumadula zambiri. Koma kumbukirani kuti banki yaing'ono m'dziko muno sikhalitsa ili yaing'ono kapena ili ndi dzina lomwelo. Malawi Savings Bank inagulidwa ndi FDH mu 2015, Indebank inapita ku National Bank chaka chomwecho, Opportunity Bank inalowa mu FMB imene pano ndi First Capital Bank, ndipo Nedbank inagulidwa ndi MyBucks imene tsopano ndi Centenary Bank. Mukhoza kuthawa nyumba yaikulu lero, mawa n'kudzuka muli m'nyumba yaikulu ina osasuntha phazi. Chotonthoza mtima n'chakuti kuyambira mu 2023 pali bungwe la Deposit Insurance Corporation, limene linayamba ndi kuteteza ndalama zosapitirira K3 miliyoni za munthu mmodzi pa banki iliyonse ikagwa, kaya ndi yaikulu kaya yaing'ono. Chitetezo chimenechi chinayambira ku mabanki, choncho ku SACCO funsani mwachindunji chimene chimateteza ndalama zanu, ndipo ayankhe molemba.

Ndanena kuti samukani, koma akaunti ya ku banki yaikuluyo musaitseke msanga, ndipo ine yanga ilipobe ngakhale ndimadana ndi kulowa pakhomo pawo. Mchimwene wanga wa ku Johannesburg amatumizira kumeneko, komanso mukakhala m'maboma akutali nthawi zambiri nthambi kapena ejenti amene mumamupeza ndi wa mabanki aakulu omwewo. Ndalama za ku SACCO nazonso sizituluka mwachisawawa. Masheya satengedwa pokhapokha mukutuluka umembala, ndipo kutulukako kumafuna kudziwitsa pasadakhale. Zimene mwasunga zimakhala chikole ngati muli ndi ngongole, ndipo mukasainira mnzanu amene pambuyo pake wasiya ntchito n'kuthawa, amadula zanu osakufunsani kawiri. Mayi wina wa mu ofesi mwathu anataya zimene anasunga zaka zambiri chifukwa chosainira munthu amene ankapemphera naye mpingo umodzi. Ndiponso SACCO nayonso imasunga ndalama zake ku banki, kawirikawiri yaikulu yomweyo, moti makina a kumeneko akavuta nanunso mumadikira. Musaunjikenso zonse m'mabuku poganiza kuti zikukula, chifukwa kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 palibe phindu la banki kapena la SACCO limene linabwezeretsa zimene anthu anataya pa mtengo wa feteleza ndi simenti. Gawo lina la ndalama zadzidzidzi lizikhala pa Mpamba kapena pa Airtel Money, pamene mungalitape Lamlungu usiku.

Ngati muli ndi ngongole ku banki yaikuluyo, dziwani kuti akuntchito kwanu mwina anasaina kalata yolonjeza kuti malipiro anu azidzera kumeneko mpaka mutamaliza, ndipo sangawasamutse popanda kalata yochokera ku banki yonena kuti mulibenso ngongole. Yambani ndi kalata imeneyo, chifukwa ndi imene amaichedwetsa akadziwa kuti mukuchoka. Tsegulani akaunti yatsopano, dikirani malipiro alowemo mwezi umodzi kapena iwiri bwinobwino, sinthani zonse zimene zimadulidwa zokha monga inshuwalansi ndi fizi, kenako ndi pamene muganize za yakaleyo. Tsiku limene mudzasankhe kuitseka, lembani kalata, aidinde ndipo musunge kope lake. Musangoisiya yopanda kanthu, chifukwa zodula za mwezi ndi mwezi zimapitirira kuunjikana mpaka kusanduka ngongole, ndipo dzina lanu likhoza kukafika kwa a Credit Reference Bureau, osunga mbiri ya ngongole za anthu, amene SACCO ndi banki yaing'ono yomwe mukuthawirako amafunsako asanakubwerekeni ndalama.