Kuyesa, kuyeza ndi thumba la kuchigayo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Bembeke yemwe akuphunzira za makompyuta. Walemba motere:

"Agogo, aphunzitsi atiuza kuti tifotokoze m'Chichewa zomwe tikuphunzira. Mutu wake ndi testing and debugging asynchronous disk I/O. Anzanga alemba kuti 'kutesita ndi kudibaga'. Ine ndalemba 'kuyeza ndi kukonza', koma pa mawu oti asynchronous ndagwira njakata. Kodi ndalondola? Nanga bug tingati ndi kachirombo?"

Zikomo mdzukulu wanga. Funso ili landisangalatsa kwambiri, moti ndakhala nalo masiku atatu ndisanayankhe. Aphunzitsi anuwo muwathokozenso m'malo mwanga.

Ndiyambe ndi anzanu a "kutesita". Kubwereka mawu si tchimo ayi. Sukulu, buku, foni ndi kompyuta tinabwereka, ndipo mawuwa anakhazikika mpaka kumera mizu. Koma tinawabwereka chifukwa zinthuzo zinatipeza tilibe mayina ake. Chimandiwawa ndi kubwereka khasu lako lili pakhonde. Masiku ano wachinyamata amangotola mneni wa Chingerezi, kumumata ku- kutsogolo ndi -a kumapeto, basi wati walankhula Chichewa. Mayi wogulitsa kabichi pa Bembeke mukamuuza kuti mukudibaga, amva chiyani?

Inu mwachita bwino kufunafuna mawu athu, koma pa "kuyeza" mwaponda pambali pang'ono. Tili ndi aneni awiri ofanana nkhope, kuyeza ndi kuyesa, ndipo anthu ambiri, ngakhale owerenga nkhani pawailesi, akuwasakaniza ngati mchere ndi shuga. Kuyeza ndi ntchito ya sikelo ndi chingwe. Timayeza nyama, timayeza malo omangapo nyumba, kuchipatala amatiyeza kutentha kwa thupi. Woyeza amafuna kudziwa kuchuluka kapena mmene chinthu chilili, ndipo chinthucho sachivutitsa. Kuyesa ndi kwina. Woyesa amachiika chinthu pa moto kuti aone ngati chipirire. Ndi chifukwa chake kusukulu kuli mayeso, ndipo kutchalitchi timapempha kuti tipulumuke ku mayesero. Ndili mwana ndinkaonerera agogo anga aakazi akaumba mbiya. Akaiphula pamoto nkuzizira ankaigogoda ndi chala, khutu lili pafupi, kenaka nkuthiramo madzi odzaza nkuisiya usiku wonse. Mmawa ankayang'ana pansi pake ngati panyowa. Sanali kuyeza mbiya, anali kuiyesa. Ine sindikayika kuti aneni awiriwa anachokera ku tsinde limodzi ndipo anapatukana pang'onopang'ono, chifukwa akuluakulu omwe ndinawapeza ankati "muyeso" pomwe ife lero timati "muyezo". Koma pano anasiyana ntchito, ndipo kusiyanako ndi chuma.

Pa ntchito yanu mawu onse awiri ali ndi malo. Pali pulogalamu yotchedwa fio, yomwe analemba Jens Axboe, imene imatumiza ntchito zambirimbiri ku disiki, chosungiramo mafayilo mu kompyuta, nkukuuzani kuti pa sekondi yakwanitsa zingati. Kumeneko ndiye kuyeza. Palinso chida cha mu Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, chotchedwa dm-flakey, chomwe chimachititsa disiki yabwinobwino kugwira ntchito kwa kanthawi, kenaka nkuyamba kukana dala, kuti muone ngati pulogalamu yanu izindikire. Kumeneko ndiye kuyesa, ndipo ndi komwe mutu wanu ukunena.

Tsopano mawu omwe akukusowetsani tulo. Asynchronous ndi mawu ochokera ku Chigiriki, ndipo ali ndi zidutswa zitatu: a ndi kukana, syn ndi pamodzi, chronos ndi nthawi. Wina angathamangire kulemba kuti "zosachitika nthawi imodzi". Sanalakwe, koma sanatiuze kanthu, pakuti kudya ndi kugona nazonso sizichitika nthawi imodzi. Tiyeni tipite kuchigayo, kumene nkhaniyi tinaidziwa kalekale makompyuta asanabwere.

Amayi awiri apita kukagayitsa tsiku la msika ku Lizulu. Woyamba watula thumba lake nkukhala pomwepo, manja pamiyendo, mpaka ufa utuluke. Palibe china achita tsiku limenelo. Wachiwiri watula thumba pamzere, wamangapo kansalu kofiira kuti alizindikire, wauza wachigayo kuti "mundigayire, ndikubwera", nkupita kukagula tomato ndi mbatata. Woyambayo ndiye synchronous, wachiwiriyo ndiye asynchronous. Kompyuta imasankha njira ya mayi wachiwiri chifukwa disiki ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi purosesa, ubongo wa kompyuta. Disiki yozungulira ija, yomwe imazungulira maulendo 7200 pa mphindi, imatenga pafupifupi magawo 8 mwa magawo 1000 a sekondi kuti izungulire kamodzi. Kwa ife ndi kuphethira kwa diso, koma pa nthawi yomweyo purosesa ikhoza kuchita masamu mamiliyoni. Kuikhazika pansi kuti idikire ndi kuwononga tsiku la msika.

Choncho ine ndikuti lembani "kutuma mosadikira". Mneni woti kutuma ndimamukonda chifukwa amanyamula zonse: pali wotuma, pali wotumidwa, pali ntchito, ndipo pali kuyembekeza kuti mthenga abwera ndi yankho. I/O musavutike nayo, ndi kuwerenga ndi kulemba pa disiki. Mu Linux muli njira yotchedwa io_uring, yomwe inalowa mu 2019 ndi Linux 5.1, ndipo anaiyambitsa ndi Jens Axboe yemwe uja. Ili ndi mizere iwiri, wina woikapo zomwe mukutuma, wina wobwererapo zomwe zatha. Pa ntchito iliyonse mumaika nambala yanu, ndipo yankho likamabwera limabwera ndi nambala yomweyo. Nambalayo ndi kansalu kofiira ka pathumba.

Mukaiona nkhaniyi ndi maso a kuchigayo, mavuto omwe aphunzitsi anu akufuna muwasake amaonekera okha. Wachigayo sakakamizidwa kugaya motsata mmene matumba anafikira. Akhoza kuyamba wagaya mgaiwa wonse, kenaka mphale, kuti asamasinthesinthe sefa. Disiki nayo imasanja ntchito mmene zikuipepukira, moti chomwe munatuma kachitatu chikhoza kubwera choyamba. Pulogalamu yongoganiza kuti loyamba kutuluka ndi loyamba kulowa idzasenza ufa wa eni ake. Vuto lina ndi la beseni. Mayi wasiya beseni lake kukamwa kwa chigayo kuti ufa ugweremo, ndiye pakati pa msika wakumbuka kuti alibe poika tomato, watuma mwana kukalitenga. Kapena choipa koposa, mwanayo waikamo tomato beseni lili pomwepo, ufa nkugwera pamwamba. Mu kompyuta beseni limeneli ndi kagawo ka memore, malo osungiramo zinthu kwa kanthawi makina akamagwira ntchito, komwe mwauza disiki kuti ithiremo kapena itengemo. Mukakagwiritsa ntchito ina yankho lisanabwere, zinthu zimaonongeka mwakachetechete, ndipo mudzazindikira patapita nthawi, pamalo ena akutali ndi pomwe panalakwika.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa mneni uja woti kuyesa ali ndi tanthauzo linanso lomwe likukhudza mtima wa nkhani yonseyi. Timati "ndimayesa wabwera", "ndimayesa ndi mvula", kutanthauza kuganizira chinthu chomwe sunachione. Zaka zapitazo ndinkasonkhanitsa mawu a Chingoni omwe akadali m'Chichewa cha ku Ntcheu. Tsiku lina madzulo ndinalemba masamba angapo, ndinasunga, kompyuta inavomera, ndipo nthawi yomweyo magetsi anathima. Atayaka ndinapeza fayilo ilipo, dzina lake lilipo, koma mkati mulibe ngakhale chilembo chimodzi. Ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ena mwa mawuwo ndinawamva kwa nkhalamba yomwe inali itatisiya kale. Ndimayesa zalembedwa. Mphwanga wina wodziwa za makinawa ndiye anandifotokozera kuti kompyuta ikati yalemba, nthawi zambiri imakhala yangolandira nkusunga mu memore, ndipo ku disiki imakatula pambuyo pake. Mu Linux zolembazo zikhoza kukhala mu memore pafupifupi masekondi 30. Pulogalamu yofuna chitsimikizo imayenera kuitana lamulo lotchedwa fsync, lomwe lili ngati kufunsa mthenga kuti "kodi wakaperekadi m'manja mwao?"

Chichewa chimasiyanitsa zimenezi bwino lomwe. Mwana akati "ndamva" sanati "ndachita". "Ndatumiza" si "zafika", ndipo "ndalandira" si "ndasunga". Muwagwiritse ntchito aneni amenewa mosamala m'kulemba kwanu, chifukwa ngakhale akatswiri amapunthwa pomwepa. Mu 2018 opanga PostgreSQL, pulogalamu yosunga ndi kusanja zolembedwa zambirimbiri, anazindikira kuti pa Linux, fsync ikalephera koyamba iwo nkuyesanso, kachiwiriko imatha kuyankha kuti zonse zili bwino pomwe zolembazo sizinafike pa disiki. Anasintha pulogalamu yao kuti fsync ikangolephera iziima pomwepo, nkuyambiranso kuchokera mu kaundula wake. Ndi chifukwa chake oyesa enieni amazimitsa makina dala pakati pa ntchito, mobwerezabwereza, nkumaona chomwe chatsala.

Za kachirombo ndikukana ndithu. Ndikudziwa kuti bug pa Chingerezi ndi kachirombo, ndipo pali nkhani yotchuka ya mu 1947, pamene gulu lomwe munali katswiri wa makompyuta Grace Hopper linapeza kagulugufe ka usiku katapanikizika mu kompyuta ya Mark II ku Harvard, nkukamata m'buku la ntchito. Koma mawuwo anali alipo kale, pakuti Thomas Edison anawalemba m'kalata mu 1878 ponena za tizolakwika ta m'makina ake. Vuto ndi lakuti kwathu kuno mawu oti kachirombo ali ndi katundu wolemera. Tinawapereka ku matenda, ndipo aliyense amadziwa tanthauzo la "anamupeza ndi kachirombo". Pa kompyuta, munthu akamva kachirombo aganiza za vayirasi, chinthu chochokera kunja chomwe wina wachitumiza mwankhanza. Bug sichokera kunja. Ndi cholakwika cha mwini wake wolemba pulogalamu. Mukhoza kungoti "cholakwika" ndipo palibe angakutsutseni. Koma mukafuna mawu okhala ndi fungo la kwathu, ine ndimati nankafumbwe. Chimanga chimaoneka chabwino m'thumba, njere zili zonse, koma mukafinya imodzi mupeza ndi fumbi lokhalokha. Fayilo yanga ija inali yofumbwa.

Ndiye debugging. Mwalemba "kukonza", koma kukonza ndi kumapeto kwa ntchito, ndipo kawirikawiri ndi gawo lalifupi. Masiku ambiri amathera pofufuza pomwe palakwika. Mneni woyenera ndi kulondola, monga amachitira abusa ng'ombe ikasowa: amayang'ana mapazi, ndowe, udzu wothyoka, mpaka kukaipeza. Wolemba pulogalamu naye amatsata mapazi, kuti ntchito iyi inatumidwa liti, inabwera liti, inabwera ndi nambala yanji. Kuchokera pa kulondola tili ndi kulondoloza, tili ndi "zolondola", ndipo inu nomwe m'kalata yanu mwafunsa kuti "kodi ndalondola?" Onani mmene mneni mmodzi wanyamulira kutsata ndi kupeza choona.

Pali mtundu wina wa cholakwika womwe umakonda kwambiri ntchito za kutuma mosadikira. Chimaoneka kamodzi pa maulendo ambirimbiri, chifukwa chimadalira kuti ndani wafika msanga pakati pa amithenga awiri. Mukaika mizere yoti kompyuta izikuuzani zomwe ikuchita, liwiro limasintha pang'ono, ndipo cholakwikacho chimasowa. Mukachotsa mizereyo chimabweranso. Azungu anachitcha heisenbug, potengera dzina la Werner Heisenberg, wasayansi yemwe ankati kuyeza kanthu kakang'ono kwambiri kumakasokoneza. Ife dzina tili nalo kale. Aliyense amene anakula akusaka nkhululu amadziwa kuti imalira usiku mpaka kugonthetsa m'khutu, koma ukangoyandikira ndi muuni imati zii. Umayenera kunyang'ama, kuika chizindikiro pa una, nkudzakumba mmawa. Anzanu mukawauza kuti "ili ndi vuto la nkhululu" sadzafunsanso kachiwiri, ndipo adzadziwa kuti pafunika kutchera mwakachetechete, kusunga mapazi mu memore nkudzawawerenga ntchito itatha.

Mutu wanu tsono ukhale uwu: "Kuyesa ndi kulondola zolakwika pa kuwerenga ndi kulemba pa disiki mosadikira." Ndi wautali kuposa wa anzanu, koma mukawawerengera amayi anu pakhonde, nkuwakumbutsa za kuchigayo, adzaumva.

Mwina mufunsa chifukwa chake disiki ndaisiya chomwecho, pomwe tili ndi mawu oti chimbale. Chimbale chinapita kwa oimba, ndipo lero munthu akati watulutsa chimbale palibe amaganiza za chosungiramo mafayilo. Komanso ma SSD, madisiki amakono omwe ali m'malaputopu ambiri tsopano, alibe chozungulira chilichonse mkati, moti kuwatcha chimbale ndi kuwanamizira. Apa ndiye pobwereka, ndipo disiki ikhale disiki. Aphunzitsi akakubwezerani pepalalo mudzandilemberenso, ndikufuna ndimve mawu omwe iwo asankha pa mizere iwiri ija ya io_uring.