Za matailosi a pa sala yanu ija, mamita 21 aja asiyeni kaye

Achemwali, ndaona funso lanu loti mwayeza sala ya nyumba yanu ku Ulongwe mwapeza mamita 21 koma a ku loja (sitolo) akukufunsani metro quadrado, kutanthauza masikweya mita, ndiye simukudziwa kuti muwauze chani. Musawauze 21 yo chonde. Mwati mbali ina ndi 6,5 ina ndi 4, ndiye inu mwangophatikiza makoma onse anayi, 6,5 + 4 + 6,5 + 4, ndipo zimenezo zikungokuuzani kutalika kwa khoma mukazungulira chipinda chonse. Pansi pomwe mukufuna kuyala matailosi sitiphatikiza ayi, timachulukitsa mulitali ndi mulifupi. 6,5 × 4 ndi 26, ndiye pansi panu ndi masikweya mita 26. Mukanagula za 21 mmisiri akanaima ntchito ili pakati pakona pena simenti ili mbee.

Koma musagule 26 yeniyeni. Matailosi amadulidwa m'mbali mwa khoma ndi pakhomo, ena amasweka pa galimoto makamaka ngati mukukatenga ku Tete mumzinda, msewu umene uja si wamasewera. Onjezerani 10 pa 100 aliyense, ndiye zikhala 28,6. Ngati mukufuna ziyalidwe mopingasa zija zooneka ngati dayamondi onjezerani 15 chifukwa zodulidwa zimachuluka.

Tsopano kuti mudziwe mabokosi, onani pa bokosi penipeni amalemba kuti muli masikweya mita (m²) angati. A 60 × 60 tailosi imodzi imakwana 0,36 ndipo kawirikawiri amakhala anayi m'bokosi, ndiye bokosi ndi 1,44. Gawani 28,6 ndi 1,44 mupeza 19,9 kutanthauza mabokosi 20. Mukasankha a 40 × 40 imodzi ndi 0,16 ndiye mufunika matailosi 179, muwerengere nokha malinga ndi mmene alongedzera. Ine ndikanakhala inu ndikanagula onse tsiku limodzi ndikuonetsetsa kuti nambala ya lote, yosonyeza gulu lomwe matailosi anapangidwira limodzi, ndi imodzi pa mabokosi onse, chifukwa mukadzabwerera mwezi wamawa kukagula awiri otsala mtundu umatha kusiyana pang'ono, dzina lomwelo koma kuwala kwina, ndipo pa sala zimaoneka kwambiri dzuwa likalowa pa zenera. Otsala musataye, sungani mawa wina akadzasweka.

Pomwe anthu ambiri amagwa ndi pa masentimita. Tepi ikakupatsani 650 ndi 400 mukachulukitsa mupeza 260 000, ndiye wina amagawa ndi 100 poganiza kuti mita ili ndi masentimita 100 basi. Ayi, sikweya mita imodzi ndi 100 × 100, ndiye mugawe ndi 10 000. Chophweka ndi kusintha kaye mbali iliyonse ikhale mamita musanachulukitse.

China, kuno kufupi ndi malire amisiri ambiri anaphunzira ntchito ku Dedza kapena ku Ntcheu ndipo amalankhula mafiti, pomwe loja ya ku Mozambique imagulitsa pa mita. Fiti imodzi ndi masentimita 30,48. Akakuuzani kuti kuchipinda ndi 12 kwa 10, ndi masikweya fiti 120, ndipo musagawe ndi 3,28 (mafiti a mu mita imodzi) ayi mupeza 36 ndi kanthu mugula katatu kuposa zofunika. Gawani ndi 10,76, yomwe ndi 3,28 × 3,28, mupeza masikweya mita 11,2. Mufunseni mmisiri wanuyo kuti akuwerenga mbali iti ya tepi, matepi ambiri ali ndi manambala mbali ziwiri.

21 wanu uja sikuti ndi wachabe. Rodapé, kamzere ka matailosi kapena matabwa kozungulira m'munsi mwa khoma, imayezedwa choncho, mungochotsapo makomo. Penti nayonso imayambira pomwepo, 21 kuchulukitsa ndi kutalika kwa khoma kuchokera pansi kufika pamwamba, tinene kuti ndi 2,8, zikupatsani 58,8. Chotsani zitseko ndi mazenera, chitseko cha 0,9 × 2,1 ndi pafupifupi 1,9 ndiye ngati pali zitseko ziwiri ndi mazenera awiri a 1,2 × 1,2 mutsala ndi 52 kapena apo. Mupaka kawiri, ndiye 104. Penti zambiri za madzi lita imodzi imayenda masikweya mita 10 kapena kuzungulira pamenepo pakhoma losalala, werengani pa chitini, koma pulasitala watsopano amamwa penti koopsa ndiye yambani ndi primário, penti yoyambira ija yopaka pansi pa inzake, ndipo malita 10 okha musawadalire, tengani oposerapo. Siling'i ngati mukupakanso ndi 26 yomwe ija ya pansi.

Musanapite ku loja bwererani mukayezenso mbali zonse zinayi osati ziwiri zokha. Nyumba zathu zambiri makoma sakhala olunjika bwinobwino, uku 6,5 uko 6,6, mutenge yaikuluyo. Ngati sala ili ndi kakhonde kolowera kuchipinda kapena yapindika ngati L, iduleni pa pepala ikhale mabokosi awiri, muwerenge lililonse palokha kenako muphatikize. Mukayeza tumizani manambalawo ndi saizi ya tailosi yomwe mwaikonda tikuthandizani kuwerengera simenti ya cola yomatira matailosi.