Mawu apansi pa TV akusowa pa Kodi: yankho kwa mbale wathu wa ku Indiana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu amene amakhala ku Indiana, ku America. Bambo ake abwera kudzacheza kuchokera kumudzi. Makutu awo sakumvanso bwino, koma nkhani za madzulo saziphonya, ndipo Chingelezi amawerenga mosavuta poti anali aphunzitsi. M'nyumbamo matchanelo amawakoka ndi eriyo kudzera pa kabokosi kolandira matchanelo kotchedwa HDHomeRun, n'kumaonera pa Kodi, pulogalamu yoonera makanema ndi TV, yomwe ili pa kakompyuta kolumikizidwa ku TV ndi chingwe cha HDMI. Eriyo ikalowa mu TV mwachindunji, mawu olembedwa pansi pa chithunzi amatuluka. Akadzera pa Kodi, zii. Batani la CC (loyatsira mawu apansiwo) pa rimoti mbale wathuyo alidina mpaka chala kuwawa, ndipo mapulogalamu amene anajambula kale nawonso alibe mawuwo.

Achimwene, choyamba siyani rimoti ya TV ija, ilibe mlandu. Chingwe cha HDMI sichinyamula ma closed caption (CC), omwe ndi mawu apansi aja. Chimangopereka chithunzi chomalizidwa kale ndi mawu omveka. Ndiye TV yanu ilibe choti itsegule mukadina CC. Ntchito yowerenga mawuwo ndi kuwalemba pa chithunzi ndi ya chipangizo chimene chili kumbuyo kwa chingwecho, chomwe kwa inu ndi Kodi. Anthu ambiri amataya masiku pamenepa, akusinthasintha za mu TV, pamene vuto lili kwina.

Kuti mumvetse zotsalazo, dziwani komwe mawuwa amakhala. Ku America, kale pa TV ya analogi, ankabisidwa pa mzere wa 21 wa chithunzi, njira yotchedwa CEA-608. Masiteshoni akuluakulu atasamukira ku dijito mu 2009 panabwera CEA-708, koma 608 sanaitaye, imayendabe limodzi. Chofunika n'chakuti zonse ziwiri zimalowetsedwa m'kati mwa kanema mwenimwenimo. Si njira yapadera yoyenda pambali. Abale athu a ku Britain amene amaonera Freeview ali ndi zosiyana: kumeneko mawu amabwera ngati tizithunzi ta DVB pa njira yakeyake, ndipo pulogalamu imawaona msanga pa mndandanda. Kwanu pulogalamu iyenera kufukula m'kanemamo kuti iwapeze, ndipo Kodi sichita zimenezo mpaka mutaiuza.

Choncho lowani mu Settings, kenako Player. Pansi kumanzere sinthani mulingo ukhale Expert kuti zonse zioneke. Fufuzani pa Language kapena pa Subtitles, malingana ndi Kodi imene muli nayo, mupeza mzere wakuti "Enable parsing for closed captions". Uyatseni. Imitsani tchanelo, muitsegulenso, mudikire pang'ono munthu ayankhule, kenako tsegulani menyu ya masabutaito (mawu apansi) kanema ali m'kati ndipo muonetsetse kuti ndi oyatsidwa. Mukaona mayina angapo, sankhani CC1. Imeneyo ndiyo ya chinenero chachikulu cha pulogalamuyo. CC3 nthawi zambiri imakhala ya Chisipanishi kapena imangokhala yopanda kanthu.

Nkhani ya zojambulidwa ndiyo ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa pamenepa mawu angathe kutayika osabweranso. Poti ali m'kati mwa kanema, pulogalamu iliyonse imene imafinya kanemayo kuti achepe, kumuchotsa ku MPEG-2 kupita ku H.264 mwachitsanzo, ikhoza kuwasiya m'mbuyo ngati sinauzidwe kuwasunga. Simunandiuze chimene mumajambulira. Ngati ndi pulogalamu ya Tvheadend, sankhani profile (njira yosungira kanema) yotchedwa "pass", imene imasunga zonse monga zabwerera kuchokera ku siteshoni, m'fayilo ya .ts. Ngati ndi pulogalamu ina, zimitsani chilichonse chosintha kanema akatha kujambula. Mafayilo adzakula, inde, ola limodzi lidya magigabaiti angapo. Koma kwa munthu amene sakumva, fayilo yaing'ono yopanda mawu ilibe phindu.

Musanayambe kugwiragwira zambiri, chitani kayeso aka. Tengani fayilo imodzi yojambulidwa, muitsegule mu VLC, pulogalamu yoonera makanema, pa kompyuta, muone pa menyu ya Subtitle. Mukapezapo "Closed captions 1", mawu alimo ndipo vuto ndi la pa Kodi basi. Mukapanda kupeza, anatayika pojambula, ndipo palibe batani la mu Kodi limene lingawabweze. MediaInfo, pulogalamu yoonetsa zimene zili m'kati mwa fayilo, nayo imaonetsa zomwezi. Kayeso ka mphindi ziwiri aka kamakuuzani mbali yoti muyang'ane.

Ngati mawu alimo koma mukufunabe kufinya mafayilo, yambani mwawatulutsa ndi CCExtractor, pulogalamu yaulere. Imakupatsani fayilo ya .srt. Muipatse dzina lofanana ndi la kanemayo, muziike m'foda imodzi, Kodi idzaitola yokha.

Pali zina ziwiri zimene bambo angadandaule nazo mawu akayamba kutuluka. Zilembo zikamadumphadumpha kapena kusakanikirana, makamaka pa tchanelo imodzi yokha kapena kukagwa mvula, onani mphamvu ya siginolo ya eriyo. Ikwezeni kapena muitembenuze, chifukwa chithunzi chikayamba kusweka mawu nawonso amasweka. Koma mawu akamachedwa masekondi angapo pa nkhani zoulutsidwa pompopompo, chimenecho si chilema cha makina anu. Pamakhala munthu kapena makina amene akulemba nthawi yomweyo wowerenga nkhani akuyankhula. Pa mafilimu ndi masewero ojambulidwa kale mawu amayenda limodzi ndi pakamwa.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Zikatheka, musangoyatsa n'kuchoka. Khalani nawo bambo pampando umene amakhala, muwafunse ngati akuwerenga bwino ali pomwepo. Mu Kodi, pa Subtitles pomwe paja, mungakulitse zilembo ndi kusintha mtundu wake. Akuluakulu ambiri sanena kuti zilembo zachepa, amangoti "zili bwino" kuti asakuvutitseni. Ndipo muwaonetse rimoti yoyenera kugwira, chifukwa mukapita ku ntchito adzayamba ndi ya TV ija.

Mukayesa fayilo ija mu VLC mundilembere zimene mwaona, komanso dzina la pulogalamu imene mumajambulira. Mundiperekere moni kwa bambo.