Ndisiye ntchito kuti ndizilemba?

Imelo yake inafika Lachiwiri usiku, ya mayi wina wa ana awiri amene amagwira ntchito tsiku lonse. Akuti mtima wolemba ali nawo koma nthawi palibe, ndiye amafunsa ngati kuli bwino asiye ntchito kuti azilemba momasuka ngati ine. Ngati ine! Ndinaseka ndekha, kenako ndinangoti zii chifukwa funsoli linandikhudza pachilonda.

Achemwali, ine ndinayesapo. Ntchito sindinasiye ayi, mantha, koma ndinatenga tchuthi cha mwezi wathunthu ndikuuza aliyense kuti asandisokoneze ndikulemba buku. Ndinagula kope lachikuto cholimba, mapeni atatu, tebulo ndikulikokera pawindo. Tsiku loyamba ndinathera kusanja mafayilo mu laputopu. Lachiwiri ndinachapa makatani, makatani oti ndakhala nawo zaka zitatu osawaganizirako n'komwe. Pofika sabata yachitatu ndinali ndi masamba anayi okha, awiri mwa iwo anali mayina a anthu a munkhanimo, kulemba kufufuta kulemba kufufuta. Nthawi ikachuluka munthu umayamba matama, umati ndiyamba ndikasamba, ndiyamba dzuwa likapendeka, mapeto ake uli pa Facebook kutsatira mkangano wa anthu oti sukuwadziwa ndipo watenga kale mbali.

Nditabwerera kuntchito ndi manyazi anga mpamene ndinayamba kulembadi. Pafoni, m'basi, chala chimodzi, chikwama pamiyendo. Foni nayo inali ndi mwano wake, ndikalemba liwu lachichewa iyo imalisintha kuika lachizungu losagwirizana, mpaka ndinakazimitsa autocorrect ndipamene tinayamba kumvana. Zolemba zambiri zomwe mumaziwerengazi zinabadwira mmenemo, zonyansa, zopanda ma koma, ndimadzazikonza Loweruka ana asanadzuke.

Anthu amakonda kutchula Anthony Trollope wa ku England uja, anagwira ntchito ku positi ofesi zaka zoposa 30 koma analemba manovelo 47. Amayamba 5:30 m'mawa, wotchi patsogolo, mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse, akamaliza ulendo kuntchito. Zoona zimenezo. Koma chomwe samanena nchoti bamboyu anali ndi wantchito womudzutsa atanyamula khofi. Inu amakudzutsani ndi mwana woti wataya sokosi imodzi ndipo akulira ngati kwagwa zovuta. Ndiye nkhani yoti mlembi weniweni amalemba tsiku lililonse osaphonya ine imandinyansa, ndipo ndikamaganiza kwambiri ndimaona kuti amaifalitsa ndi anthu oti mbale amawatsukira ena. Yagwetsa ulesi anthu ambiri aluso, munthu waphonya masiku atatu basi wadziweruza kuti si mlembi, kope kuliponya pansi pabedi. Bodza lenileni. Ine ndinakhalapo miyezi iwiri osalemba ngakhale mzere pamene mayi anga amadwala, ndipo palibe anabwera kudzandilanda dzinalo.

Komanso kuntchito nkomwe kuli nkhani, izi anthu amaiwala. Mwezi wa pawindo uja ndinalibe womumvetsera, pomwe muofesi mawu a anthu amangogwa okha, mmene wina amapemphera ngongole, mmene bwana amatsokomolera asananame, iwe kwako nkutola.

Ndiye muchite chani

Ntchito musasiye. Pezani mphindi 25, tcherani alamu, njira imeneyi amaitcha Pomodoro, anaiyambitsa Francesco Cirillo cha kumapeto kwa ma 1980, palibe chamatsenga koma imathandiza poti mathero ake ukuwaona. Data zimitsani. Mawu 200 patsiku amakwana 73,000 pachaka, olo mutaphonya theka la masikuwo mutsalabe ndi 36,500. Polekeza lekezani pakati pa chiganizo kuti mawa mupeze poyambira.

Kope lachikuto cholimba lija likadalipo, mwana wanga wamng'ono anajambulamo magalimoto kuyambira tsamba lachisanu.